Sopo ndi Mapanga Ake Awiri

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mvula ikakupeza kuthengo, phanga lili apa lina lili apo, sankha limodzi ukhale. Ukati ulowe ili, mtima n'kukuuza kuti louma bwino ndi lija, mvula yonse imathera pamsana pako uli pakati pa njira. Mwambiwu amaponyera mwamuna wa zibwenzi ziwiri, wandale wodya uku ndi uku, ngakhale mnyamata wofuna sukulu ndi geni nthawi imodzi. Palibe amene amautchula poyamikira munthu.

Komabe m'tauni ya Kafue, makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka, muli kanthu kamene ntchito yake yonse ndi kukhala m'mapanga awiri, ndipo pakanapanda iko anthu a kumafakitale bwenzi akudya nsima yakuda. Nthawi yoweruka ikakwana ku Industrial Area, amakaniko, owotcherera zitsulo ndi okonza makina amaunjikana pampopi, manja ali bii ndi girisi ndi oyilo wakupsa. Munthu akangotsegula mpopi n'kuikapo dzanja, madzi amagubuduka timadontho n'kugwa pansi, dzanja lili chikhalire. Angathire ndowa yonse, angakaviike mkono mumtsinje wa Kafue mpaka dzuwa kulowa, girisiyo sasuntha. Koma atapeko kasopo kunsonga ya chala, afikise, atsukuluze, madzi omwe aja anakana amanyamula zakuda zonse.

Anthu amakonda kunena kuti mafuta amadana ndi madzi. Mlanduwu ukazengedwa bwino, wolakwa amapezeka kuti ndi madzi. Molekyu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidrojeni, ndipo okosijeniyo amakokera mphamvu ya magetsi kumbali kwake, mwakuti mbali imodzi ya molekyu imakhala ya negetivi pang'ono, inayo ya pozitivi. N'chifukwa chake mamolekyu a madzi amagwirana okhaokha zolimba, ndipo amalandira msanga chilichonse chokhala ndi magetsi otere, kaya ndi mchere, shuga kapena feteleza. Mafuta alibe mbali zimenezi. Ndi maunyolo a kaboni ndi haidrojeni opanda pogwira. Madzi sachita kuwapirikitsa ayi, amangokumbatirana okhaokha mpaka mafutawo kusowa polowera, n'kufinyikira pamodzi. Tsono litsiro lambiri limene limavutitsa anthu, fumbi la mwezi wa Okutobala, mwaye wa makala, tizitsulo topalika pamakina, limakhala litamatirira pa mafuta, a m'makina kapena otuluka pakhungu la munthu. Madzi akalephera mafuta, alepheranso zonse zimene zabisalamo.

Molekyu ya sopo ndi yaitali. Ili ndi mchira wa maatomu a kaboni pakati pa 12 ndi 18, ndipo mchira umenewu ndi mafuta enieni m'makhalidwe ake onse. Kumapeto kwina kuli mutu wa magetsi a negetivi, woyenda ndi sodiyamu kapena potaziyamu, umene madzi amaulandira ngati mmene amalandirira mchere. Apa ndi pamene mwambi uja unasiya mpata. Amene anauyamba ankaona munthu wothamanga pakati pa mapanga, wosadziwa kolowera. Sopo sathamanga. Thupi lake n'lokwanira kuti mchira ugone phanga ili, mutu ugone phanga ilo, pa nthawi imodzi.

Makaniko akamafikisa manja, michira miyandamiyanda imalowa mu girisi, mitu n'kutsalira kunja m'madzi. Kufikisako kumang'amba girisi kukhala timadontho tating'onoting'ono, ndipo kadontho kalikonse kamazingidwa ndi mamolekyu a sopo, michira mkati, mitu kunja. Kwa madzi, kadonthoko sikakuonekanso ngati mafuta, chifukwa paliponse pamene angakagwire akupeza mutu wodziwika. Ndipo poti mitu yonse ndi ya negetivi, timadontho timakankhana, sitingagwirizanenso kukhala chibuma, sitingabwererenso pakhungu mosavuta. Ngakhale m'madzi opanda litsiro, mamolekyu a sopo akachuluka amadziunjika okha timipira ta makumi angapo kapena zana, kubisa michira pakati. Katswiri wina wa ku Bristol, James McBain, ndiye anafotokoza za timipira timeneti mu 1913, ndipo asayansi amatitcha micelle. Sitipangika sopo akachepa kwambiri. Mayi wothira kachidutswa kakang'ono m'bafa lodzaza madzi pofuna kusunga ndalama amataya sopo ndi mphamvu zomwe. Akanachepetsa madzi akanapindula. Wothira mopitirira nayenso sawonjezera kuyera, amangowonjezera ntchito yotsukuluza.

Pali ntchito ina imene sopo amagwira asanafike n'komwe pa mafuta. Kugwirana kwa mamolekyu a madzi kumachititsa pamwamba pake kulimba, n'chifukwa chake tizilombo tina timayenda pamadzi osamira, ndipo dontho limakhala lozungulira pansalu yatsopano m'malo molowa. Sopo amafooketsa kulimba kumeneku kufika pochepera theka, madzi n'kuyamba kuyanzika ndi kulowerera mu ulusi. Mmodzi mwa oyamba kuyeza zimenezi mosamala sanali pulofesa. Anali Agnes Pockels, mayi wa ku Braunschweig ku Germany, amene sanapite ku yunivesite chifukwa nthawi imeneyo akazi sankaloledwa, ndipo ankasamala makolo ake odwala. Chidwi chake chinayambira pamadzi otsukira mbale. Anadzipangira chida choyezera, n'kulembera kalata katswiri wa sayansi Lord Rayleigh, ndipo kalatayo inasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 1891.

Chodabwitsa n'chakuti sopo amabadwa kwa mafuta omwe amawachotsawo. Mafuta a ng'ombe, a kanjedza, a thonje kapena a mpendadzuwa, molekyu yake ndi michira itatu yomangiriridwa pa gilisalini. Mukawiritsa mafutawo ndi caustic soda, mfundo zitatu zija zimaduka, mchira uliwonse n'kupata mutu wake, gilisalini n'kutsala payekha. Ndi yemwe uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye khungu likayamba kutuwa. Michel Chevreul wa ku France ndiye anamasulira zonsezi m'buku lake la 1823, koma anthu anali atapanga sopo kwa zaka zoposa 4,000 osadziwa chifukwa chake. Mapale a ku Mesopotamia amatchula phulusa ndi mafuta zochapira ubweya wa nkhosa. Kwathu kuno nzeruyi ili m'khitchini. Chidulo chimene agogo amatcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba, chofewetsera therere ndi chigwada, ndi madzi a potaziyamu, m'bale wofatsa wa caustic soda. Mtsikana wokwecha poto wa mafuta ndi phulusa lonyowa amachita zinthu ziwiri: akupala ndi timiyala ta phulusalo, komanso akupanga sopo wochepa pomwepo m'potomo.

Sopo anatchipa pamene Nicolas Leblanc anapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere mu 1791, ndipo anakhala malonda a dziko lonse William Lever atayamba kugulitsa Sunlight mu 1884. Ena mwa mafuta ake ankachokera ku Africa. Mu 1911 Lever anapatsidwa malo aakulu a kanjedza ku Congo, kumene anthu ankakakamizidwa kukwera mitengo kudula zipatso. Kuyera kwa makolala a ku Ulaya kunali ndi mtengo wake kwina.

Ku Kafue, luso la mapanga awiri silinathere pampopi wa amakaniko. Zambia italandira ufulu mu 1964, ndiponso Ian Smith atalengeza ufulu wake mokuba ku Rhodesia mu 1965, boma la Kenneth Kaunda linaona kuti kudalira katundu wochokera kumwera n'kudziika pamsampha. Kudzera mu bungwe lake la INDECO linasankha Kafue, kumene kuli njanji, msewu waukulu ndi mtsinje, kukhala tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles inayamba kuomba nsalu, ndipo nyumba za Kafue Estates zinamangidwira ogwira ntchito. Tsono thonje longothyoledwa kumunda lili ndi phula lochepa pa ulusi uliwonse, lomwe limakana madzi. Muliponye m'beseni muone mmene limayandamira. Fakitale iliyonse ya nsalu za thonje, isanaganize za utoto, imayamba yaphika nsaluyo m'madzi a caustic soda ndi mankhwala a mtundu wa sopo. Gawo lina la mafuta a pa ulusi limasanduka sopo pomwepo n'kuthandiza kunyamula otsalawo. Popanda sitepe imeneyi utoto ukanangokhala pamwamba mawangamawanga, ndipo chitenge sichikanatuluka ndi maluwa akuthwa amene amayi ankachidziwira. Makina a Kafue Textiles anazima kalekale, atagonja kwa salaula ndi nsalu zotchipa zakunja, koma salaula yemweyo anadutsa m'mphika wotere kudziko kumene anachokera.

Kufakitale yofufuta zikopa, monga imene Bata inamanga m'tauniyi, nkhani imakoma kwambiri chifukwa ulendo wake ndi wopita ndi kubwerera. Chikopa chimaviikidwa mu laimu kuti ubweya uthothoke, ndipo mafuta a nyamayo amachotsedwa ndi mankhwala a mitu ndi michira kuti chisanunkhe kapena kuchita mathotho. Koma chikopa chopanda mafuta chikauma chimalimba gwa, nsapato yake ingathyoke pongopinda phazi. Choncho pomaliza amatenga mafuta ena abwino, n'kuwasandutsa timadontho toyandama m'madzi ndi mankhwala a mtundu womwe uja, kuti alowe mpaka pakati pa chikopa. Chimene chinatulutsa mafuta ndi chomwecho chikuwabwezeretsa. Sopo alibe chidani ndi mafuta, ndipo sadziwa kuti litsiro n'chiyani. Amangosamutsa.

Ali ndi mdani mmodzi woopsa, ndipo amakhala pafupi. Munthu wochoka ku Kafue kupita ku Lusaka amadutsa pa Chilanga, pamene fakitale ya simenti inakhazikitsidwa mu 1949 chifukwa cha miyala ya laimu. Lusaka yeniyeniyo yakhala pamiyala ya mtundu umenewu, ndipo madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zake amatuluka atasungunula kashiamu ndi maginiziyamu wambiri. Umboni wake ndi zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Kashiamu ali ndi mphamvu ziwiri za pozitivi, motero amagwira mitu iwiri ya sopo nthawi imodzi n'kuitseka. Mutu ukatsekedwa, phanga la kumadzi latha. Kwatsala michira yokha, ndipo sopoyo amasanduka zinyenyeswa zotuwa zomata zimene zimazungulira m'mphepete mwa beseni ndi kuzimitsa kuwala kwa malaya oyera. Wochapa amadzudzula sopo kuti ndi wachabechabe, pomwe sopoyo wayamba walipira ngongole ya kashiamu yense ali m'madzimo asanagwire litsiro ndi limodzi lomwe. N'chifukwa chake amayi amatchera madzi a mvula padenga: alibe kashiamu, thovu limabwera msanga, sopo amakhalitsa.

Zinyenyeswa zomwezo zili ndi ntchito yaulemu ku Industrial Area, ngakhale ochapa sangakhulupirire. Girisi amene amapaka m'mabeyaring'i ndi oyilo wokhuthalitsidwa ndi sopo wosasungunuka m'madzi, wa kashiamu kapena, masiku ano kawirikawiri, wa lithiamu. Timaulusi ta sopo ameneyo ndi timene timagwira oyilo kuti asayenderere. Ndiye kuti makaniko uja pampopi akuchotsa sopo ndi sopo mnzake, wina wokhala ndi mapanga awiri, wina wotsala ndi limodzi. Amene amasamba ndi petulo kapena parafini amafulumira ndithu, pakuti mafuta amasungunula mafuta, koma amachotsanso mafuta oteteza khungu, manja n'kuyamba kung'ambika, zoipa za mu oyilo wakupsa n'kupeza khomo. Akale pantchitoyi amasakaniza sopo ndi utuchi kapena mchenga wosalala.

Vuto la kashiamu ndi kusowa kwa mafuta ndi zimene zinabala sopo wamakono. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse Germany inasowa mafuta a nyama ndi a mbewu, akatswiri ake n'kuyamba kupanga mamolekyu a mutu ndi mchira kuchokera ku malasha. Pambuyo pake anatembenukira ku mafuta a pansi, ndipo pofika 1946 Tide anali m'masitolo a ku America. Mutu wa mankhwala atsopanowa uli ndi sulufule, ndipo kashiamu saugwira molimba ngati wa sopo wakale. Kunena mosamala, Surf, Omo ndi Boom si sopo amene Chevreul ankadziwa, ngakhale pakantemba aliyense amangoti sopo. Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira mizere italiitali pa masitolo a boma a ZCBC ndi NIEC, anthu akudikira sopo, saladi ndi shuga. Mu 1995 kampani ya Trade Kings inayamba kupanga Boom ku Lusaka, phala la buluu lija lomwe lero lafika m'misika ya ku Chipata, Lilongwe ndi Tete. Gulu lomwelo ndi limene linadzamanga fakitale yosungunula zitsulo ku Kafue, kotero ena mwa manja akuda a m'tauniyi amadetsedwa ndi kuyeretsedwa ndi bwana mmodzi.

Pa nkhani ya thovu anthu ambiri amanamizika, ndipo otsatsa malonda amadziwa. Thovu ndi mpweya wokutidwa ndi kachikopa ka madzi a sopo, silichotsa litsiro. Sopo wa m'makina ochapira amapangidwa dala kuti asachite thovu lambiri, koma amayeretsa bwinobwino. Komabe mayi woyang'ana thovu sali wolakwa kotheratu. Ndi sopo wouma wakale uja, thovu limayamba pokhapokha kashiamu atatha kugwidwa, ndiye ndi chizindikiro chakuti tsopano m'madzimo mwatsala sopo wogwira ntchito.

Tizilombo toyambitsa matenda timagonja m'njira ziwiri. Mavairasi ena, monga kachilombo ka Covid-19, ali ndi chikuto cha mafuta, ndipo michira ya sopo imalowa m'chikutocho n'kuching'amba. Tina tambiri sopo satipha. Amangotimasula pakhungu pamodzi ndi mafuta amene tamatirirapo, madzi n'kutikokolola. N'chifukwa chake azaumoyo amaumirira masekondi 20 ofikisa: michira imafuna nthawi kuti ilowe. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia ndi kupha oposa 700, mpaka National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Uthenga wa kusamba m'manja unali paliponse, ndipo unali woona, ngakhale ndi wopepuka kuunena kwa munthu wa mpopi m'nyumba kusiyana ndi wa mu komboni wogula madzi pachigubu. Koma pali mwambo umodzi umene sayansi ya sopo imautsutsa poyera, wosamba m'manja m'beseni limodzi nsima isanayambe. Amayamba bambo, kenako alendo, akulu, mwana n'kumalizira. Poti sopo amangosamutsa, zonse zimene zachoka m'manja mwa akulu zikuyandama m'madzimo, ndipo wozilandira ndi amene thupi lake lili lofooka kuposa onse. Kuthirirana madzi ndi jagi sikuchotsa ulemu wa wina aliyense. Wamng'ono amagwadabe, wamkulu amayambabe.

Pa mfundo imodzi mwambi uja sunaphonye. Wa mapanga awiri amavumbwadi. Sopo sabwerera m'paketi. Amapita ndi madzi akuda, atagwira litsiro lake, kulowa m'ngalande za ku Shikoswe, Zambia Compound ndi Kafue Estates, ndipo malo otsika a tauni yonse ya Kafue ndi mtsinje. Mayiko a ku Ulaya ndi America anaphunzira izi mochititsa manyazi m'zaka za m'ma 1950, pamene mitsinje yawo inayamba kufufuma thovu lotalika kuposa munthu. Michira ya mankhwala oyambirira inali ya nthambi, ndipo mabakiteriya a m'madzi ankalephera kuidya. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 makampani anasinthira ku michira yowongoka, imene imaola. Kenako panatulukira vuto la fosifeti, amene amathiridwa mu sopo waufa kuti agwire kashiamu. M'beseni ndi wothandiza, mumtsinje ndi feteleza. Mayiko a European Union anachepetsa kwambiri fosifeti mu sopo wochapira kuyambira 2013.

Mtsinje wa Kafue ukudziwa chimene chakudya chochuluka chimachita m'madzi. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni, yemwe anthu a kuno amamutcha Kafue weed ndipo a ku Shire amamudziwa bwino, anaphimba mtsinje pafupi ndi tauniyi, kutsekera asodzi njira, kuunjikana pa mlatho wa njanji wa 1906, ndi kuopseza makina a magetsi a ku Kafue Gorge. Kungakhale kunama kuloza chala beseni la mayi wochapa, pakuti nayitrojeni ndi fosifeti wambiri amachokera m'minda ikuluikulu, m'zimbudzi ndi m'mafakitale. Koma madzi a m'beseni amathera komweko, ndipo pafupi ndi tauni yomweyi pali Iolanda, pamene amapopa madzi a mumtsinjewu, kuwayeretsa ndi kuwakankhira m'mapaipi kupita ku Lusaka. Otsalawo amagwera m'makina a Kafue Gorge, n'kukalowa mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, kudutsa Cahora Bassa ndi Tete. Mabakiteriya amene amadya michira ya sopo amafuna zinthu ziwiri, mpweya ndi masiku angapo, ndipo maiwe oyeretsera madzi a zonyansa amamangidwa kuti awapatse zimenezo madziwo asanafike kumtsinje. Pamene maiwewo adzaza matope, kapena pamene ngalande ya komboni ikulunjika kumtsinje osadzera kumeneko, mabakiteriyawo amakagwirira ntchitoyo mumtsinje momwemo, pogwiritsa ntchito mpweya umene nsomba zikanapuma.